Tsiku la Batul

Ntchito yanga ndi kusambitsa maliro a akazi, ndipo ndaigwira mumzinda uno kuyambira Afalansa asanalambule n'komwe msewu wawo wa kunsi kwa phiri. Anthu akandiona ndikulowa m'kanjira kawo ndi ndowa, amatseka zitseko ngati imfayo ndaitengera m'ndowamo. Zilibe kanthu, tsiku lawo likafika amabwera okha akuthamanga: "Amayi Mbarka, fulumirani!" Akufa sindiwaopa ine. Ndi anthu aulemu, sakutsutsa, sadandaula kuti madzi azizira. Amene anandivuta ndi mmodzi yekha, ndipo anali mnzanga wa pamtima, Batul.

Nyumba yathu ndi yawo zinagundana khoma, choncho ine ndi Batul tinakulira padenga. Denga ndi lathu akazi, ndipo mwamuna wokwerapo dzuwa likupendeka timamugenda ndi nsapato ngakhale nyumbayo ikhale yake. Bambo ake a Batul, a Si Abdesselam, anali wosunga nthawi pa mzikiti waukulu. Iwo ndiwo ankauza woitanira mapemphero kuti nthawi yakwana, ndiponso ankawerengera tsiku limene mwezi ungakhale. Anali ndi mbale yamkuwa yolembalemba yoyezera nyenyezi, imene anasiyiridwa ndi agogo awo. Mwana wamwamuna anali mmodzi yekha, Tayeb, wopondana ndi Batul, koma nthenda ya maso inamugwira akadali wakhanda n'kumusiyira nkhungu. Munthu akaima kutsidya kwa msewu, Tayeb ankangoona chithunzithunzi. Bambo ake anabisa zimenezi, ndipo mbale ija anaphunzitsa Batul, ati kuti azithandiza mlongo wake.

Kuthandizako kunasanduka matenda. Ife tikukamba za anyamata ndi zojambula za m'manja, iye ali gada pa chikopa cha nkhosa, kukamwa yasa, akuwerenga kumwamba.

"Iwe Batul, udzakwatiwa ndi nyenyezi kodi?" ndinkamuseka.

"Bola nyenyezi," ankatero. "Imabwera pa nthawi yake, ndipo sinunkha fodya."

Ankadziwa nyenyezi iliyonse ndi dzina, ndi nyumba imene imatulukira pamwamba pake nyengo yachisanu. Ndikalephera kuona chimene akuloza, ankandigwira chibwano ndi zala zake zozizirazo n'kundipotoza mutu. "Apo, wakhungu iwe!" Khosi langa linazolowera.

Bambo awo atamwalira, udindo unapita kwa Tayeb monga mwa mwambo. Ndiye kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere. Madzulo a tsiku loyembekezera mwezi, amuna onse ankapita pa linga la mzinda kukayang'ana kumadzulo. Tayeb ankati iye amaona bwino ali yekha, pa zenera la bambo ake m'chipinda cham'mwamba. Pamwamba penipeni pa chipindacho, padenga, panali Batul, atawerengera kale malo oyang'ana. Akangouona mwezi ankagogoda ndi kamunsi kamkuwa, kawiri mofulumira, kenako kamodzi: du-du, du. Tayeb ankatchera khutu pa kabowo kotulukira mpweya, Batul n'kunong'oneza: uli pamwamba pa chakuti, wakwera chonchi, nyanga zaloza uku. Basi Tayeb ankavala mkanjo woyera, n'kutenga mlamu wake wogulitsa nsapato amene nthawi yonseyi anali pansi akumwa tiyi, ulendo kwa kadi, woweruza wa mzinda, kukalumbira kuti auona ndi maso awo. Mlamuyo ntchito yake inali mawu awiri basi: "Inenso ndaona." Mzinga wolengeza mwezi watsopano unkalira, ndipo Tayeb ankabwerako ndi mkanjo watsopano ndi chibuluma cha shuga.

Kumwamba kukayera, aliyense amauona mwezi. Koma miyezi ya fumbi, imene mwezi umakhala ngati chikhadabo chowenga, woona anali Tayeb yekha. Mzinda wonse unkamutcha wa maso a mphamba, munthu amene ankapunthwa pa mphaka wa m'nyumba mwake momwe! Chaka chimene dzuwa linada masana, ananeneratu ndi Batul, ine ndilipo. Amene ananyamulidwa pamapewa kuzungulira msika anali Tayeb.

Amuna ofunsira Batul anabwera, mmodzi mwa iwo munthu wabwino ndithu, wopanga zishalo za abulu. Tayeb anawabweza onse. Uyu ati ndi wosauka, uyu ati mtundu wake sukudziwika. Ine ndinamuuza Batul poyera kuti mlongo wakeyo sakusankha mlamu, akulondera kamunsi. Iye anangoti akudziwa. Za ukwati sankadandaula kwenikweni. Chimene chinkamudya mumtima chinali china.

Mwezi wina Tayeb anagona ndi malungo, ndipo Batul anauona mwezi. Anafunda chinsalu chake choyera mpaka kusiya diso limodzi, n'kundikoka dzanja mpaka kwa kadi wa nthawiyo, nkhalamba yofatsa. Batul anafotokoza zonse, malo, kukwera kwake, kumene nyanga zaloza. Nkhalambayo inamvetsera mpaka kumapeto.

"Mwana wanga, sindikunena kuti ukunama," inatero. "Koma mzinga sindingauwombe chifukwa cha maso a mkazi. Pita ukauze mwamuna wa m'nyumba mwanu abwere adzalumbire."

"Mwamunayo sanauone, akudwala."

"Ndiye kuti mwezi sunaoneke."

Pobwerera ine ndinkatukwana njira yonse, kutukwana kadi, ndevu zake ndi bulu wake yemwe. Tinafika pakhomo. Pamenepo ndi pamene Batul anati, "Mbarka, wazindikira? Sanandifunse dzina." Sakanafunsa. Mwamuna waulemu satchula dzina la mkazi pagulu, la mkazi wake, la mlongo wake, ngakhale la mayi ake omubala. Amangoti "a kunyumba". Batul anakhala moyo wake wonse ali "a kunyumba" kwa Tayeb, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankafuna chinthu chimodzi chokha, choti dzina lake limveke pa bwalo la kadi.

Anamupempha Tayeb chaka ndi chaka, Tayeb n'kumangoti mwezi ukubwerawu. Tsitsi linayera onse awiri. Kenako Batul anayamba chifuwa chija chosamva mankhwala, ndipo kutatsala miyezi iwiri kuti tiyambe kusala kwa Ramadani, anagona osadzukanso. Ndinali pambali pake akumuitana Tayeb.

"Iwe Tayeb, khala apa. Mikanjo yako sindikuifuna, shuga sindikumufuna. Kamodzi kokha, pamaso pa kadi, anthu akumva, unene kuti ankaona ndi Batul."

"Achemwali, mukufuna dzina lanu azilitafuna m'misika? Ine ndimakusungirani ulemu."

"Ulemu wakowo wandikwana. Wandisunga ngati bulangeti la m'bokosi, mpaka njenjete zandimaliza. Unena kapena sunena?"

"Ndinena."

"Liti?"

"Mwezi ukubwerawu, achemwali. Ndalumbira."

Atatuluka, Batul anatulutsa kamunsi kaja pansi pa pilo n'kundipatsa. "Tenga, uzisinjira chitowe. Kagwira ntchito yabodza nthawi yaitali." Kutacha anali atapita.

Ndinamusambitsa ndine. Maso ake anali otsegula, atayang'ana pa ngodya ya kumadzulo, m'mwamba. Zimachitika zimenezo, umangotseka ndi chala. Ndinatseka, n'kutembenuka kukatunga madzi. Pobwerera anali otsegula. Ndinatsekanso, n'kuikapo thonje lonyowa, n'kugwira nthawi yaitali ndikupemphera. Nditachotsa dzanja, thonje linatsetsereka lokha. Thupi langa lonse linachita tsembwe, ine amene ndasambitsa anthu ofa ndi mliri osatekeseka. Ndinamukalipira ngati kale: "Iwe Batul, usandichititse manyazi pantchito!" Sanamve. Ndinamukulunga m'nsalu maso ali choncho, ndipo akazi amene ankandithandiza ndinawauza kuti atseke pakamwa.

Tsiku loyembekezera mwezi litafika, ndinali padenga langa ndikuanula zovala. Denga la anzathu linali lopanda munthu, chifukwa mkazi wa Tayeb anali atakhoma chitseko cha makwerero ndi loko chimwalirire Batul. Dzuwa linali litangolowa, kunja kukadali mbee. Ndinamva: du-du, du.

Zovala zinagwa m'manja. Ndinasuzumira pa khoma. Panalibe munthu, koma chikopa cha nkhosa chija chinali pamalo pake, ndipo pakati pake panali polowa, ubweya utagona, monga chimakhalira wina akachikhalira. Kenako ndinamva kunong'ona pa kabowo, mawu amene ndikanawazindikira ngakhale pakati pa msika. Ndinatsika makwerero sindikudziwa kuti bwanji. Kamunsi kanali pa alumali pomwe ndinakasiya, koma nditakagwira kanali kofunda ngati kangochoka m'dzanja la munthu. Pasanapite nthawi mzinga unalira.

M'mawa ndinamutsekereza Tayeb pakhomo pake. "A Tayeb, mwezi wa dzulowu wakuuzani ndani?"

Nkhope yake inagwa. "Mwamvanso inu?"

"Ndili ndi makutu. Dzina mwalitchula?"

"Lilime linakana, a Mbarka. Ndili ndi ana ine. Ndikanena, ntchito yatha, ndipo adzati ndakhala ndikulumbira zabodza moyo wanga wonse."

"Adzanama kodi akatero?"

Anapapasa khoma n'kulowa, ndipo ine ndinalavula pansi chifukwa mtima unali utandiwawa kwambiri.

Mwezi wa Ramadani unakhalanso chimodzimodzi. Kugogoda kunamveka, kunong'ona kunamveka, Tayeb anakalumbira ndi mlamu wake n'kubwerako ndi mkanjo. Koma kuyambira pamenepo Batul analeka kudikira kutha kwa mwezi. Tsiku lililonse dzuwa likalowa, mzinga womasulira ukalira, Tayeb akangonyamula chipatso cha tende kuti aike pakamwa, padenga pankamveka du-du, du. Ine ndinkamva kudzera m'khoma, msuzi wanga wa harira n'kuzizira m'mbale. Mkazi wake anatenga ana n'kupita kwa makolo ake. Tayeb anaitana wowerenga mawu opatulika kudzafukiza lubani, koma munthuyo anangoti akumva njiwa zikuyenda padenga. Njiwa! Tayeb anaonda mpaka mkanjo watsopano uja unkangolendewera ngati wayanikidwa pa msomali.

Ndiye linafika tsiku loyembekezera mwezi wa Idi. Mlungu wonse kunali kukuwomba mphepo yotentha ya kuchipululu, kumwamba kuli psuu ndi fumbi. Anthu anali atatopa, milomo itang'ambika ndi ludzu. Akazi tinali titakazinga kale timikate ta uchi, zovala zatsopano za ana zili pansi pa mapilo, ometa atameta mzinda wonse. Amuna pa linga anayang'ana mpaka misozi, osaona kanthu. Aliyense ankangoti, "Musade nkhawa, alipo wa maso a mphamba."

Ndinakwera padenga. Anamzeze amene amasokosa nthawi imeneyo anali zii, ngakhale mmodzi. Kugogoda kunabwera, koma osati kwa masiku onse. Kunali kwamphamvu moti laimu ankayoyoka pa khoma langa. Kenako mawu aja anamveka pa kabowo, ndipo ulendo uno sanatchule malo, sanatchule nyanga.

"Tayeb, ndine yani?"

Mawu aja anafunsanso.

"Tayeb, ndine yani?"

Ndinamva munthu wamkulu akulira m'chipindamo ngati mwana. Ine ndinali nditauma pamalo amodzi. Pomwepo zala zozizira zinandigwira chibwano n'kundipotoza mutu. Sindinakuwe. Khosi langa linangotsatira lokha monga linazolowerera. Ndipo ndinauona, pamwamba pa mitengo ya azitona ya kumanda, woonda ngati ulusi, nyanga zitaloza m'mwamba chakumanzere.

"Uwo! Mwezi uwo!" ndinafuula. Akazi a madenga oyandikana anatsata chala changa, ena anauona, ndipo nthungululu zinayamba. Koma zinazirala zokha, denga ndi denga, aliyense atakumbukira kuti pakati pathu palibe mwamuna. Fumbi linauphimbanso.

Chitseko cha Tayeb chinatseguka. Anatuluka wopanda nsapato, akupapasa makoma ndi manja onse awiri anthu akuona, osabisanso, mlamu wake akumutsatira ndi nsapatozo m'manja. Ndinafunda chinsalu changa n'kuwalondola. Bwalo la kadi linali lodzaza amuna, ndipo ine ndinaima pa chipata pomwe pamaima akazi. Kadi anali wina tsopano, wachinyamata, wa mawu akuthwa.

"A Tayeb, takhala tikudikira inu. Mwauona?"

"Mwezi wakhala."

Anthu anayamba kale kukumbatirana. Kadi anakweza dzanja. "Mwauonera pati? Nyanga zaloza kuti?"

"Sindikudziwa. Lero sanandiuze."

"Sanakuuzeni ndani?"

"A kunyumba," anatero Tayeb, n'kuima. Anapendeketsa mutu ngati akumvetsera chinachake pamwamba pake, ngakhale pamwamba pa bwalolo palibe denga. Kenako anakweza mawu moti anamveka mpaka mumsewu. "Batul! Batul mwana wa Abdesselam, mlongo wanga. Ndiye ankawerengera, ndiye ankaona, kuyambira tsiku limene bambo anamwalira. Za dzuwa lija ananenanso ndi iyeyo. Ine mwezi sindinauonepo chibadwire."

Mlamu wogulitsa nsapato anaika nsapato za Tayeb pansi bwinobwino n'kuzemba. Ine sindinathe kudzigwira.

"Ndauona ine!" ndinakuwa pa chipatapo. "Pamwamba pa azitona a kumanda, nyanga kumanzere! Auonanso akazi a m'dera lathu, kawafunseni!"

Kadi sanacheuke n'komwe. "Wakhungu, womwalira, ndi akazi. Ndiwombe mzinga pa umboni umenewu? Mwezi sunaoneke. Mawa tisala."

Tsiku lotsatiralo sindidzaliiwala. Kunatentha ngati m'ng'anjo ya buledi. Ana analira chifukwa cha zovala zawo, nyama ya ogulitsa inayamba fungo, timikate tinadzaza nyerere. Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, kunafika munthu pa bulu kuchokera kumzinda wa kuseri kwa phiri, atavala za Idi, akudabwa kuti ife tikusalira chiyani, popeza kwawo adya kuyambira m'mawa. Apo ndiye mkwiyo unafika pachimake. Ndipo mkwiyo umafuna dzina.

"Batul ameneyu ndi ndani?"

"Mlongo wake wa wakhungu uja, mwana wa Abdesselam."

"Batul watipha ndi njala!"

"Akanangomuuza malo, bwenzi tikudya. Mkazi wouma mtima, Batul, ndi kumanda komwe!"

Otunga madzi, ometa, ofufuta zikopa, akuluakulu a pa khomo la mzikiti, anthu amene sanatchulepo dzina la mayi awo pagulu, onse pakamwa panali Batul, Batul. Ndinazungulira msika wonse dala, osagula kanthu, kungomvetsera. Ndinkaseka m'kati mwa chinsalu changa, misozi ikutsika mpaka m'khosi. Ankamutukwana, inde, ndipo zinkandipweteka. Koma ndinkadziwa kuti mnzangayo sanapemphe kuyamikiridwa, anapempha kutchulidwa. Mpaka lero Ramadani ikatalika n'kuwonjezera tsiku, anthu amati tagwa m'tsiku la Batul, ndipo ana akafunsa kuti anali yani, wina amayenera kufotokoza za mbale yamkuwa ija.

Madzulo amenewo padenga panali zii. Ndinagwira kamunsi, kanali kozizira, ndipo sikanafundenso mpaka lero.

Tayeb anachotsedwa pa udindo, mbale yamkuwa inaperekedwa kwa mnyamata wophunzira kumzinda waukulu. Ana ake ndiwo ankamudyetsa. Ine ndinakhala nthawi yaitali osamulankhula, mpaka tsiku lina loyembekezera mwezi mkazi wake, amene anali atabwerera, anandiitana kuti ndidzaone zimene bamboyo akuchita. Ndinamupeza m'chipinda cham'mwamba chija, ataima pa mpando, khutu ali nalo pa kabowo.

"A Tayeb, mugwa apo. Mukudikira chiyani?"

"Mwina lero abwera," anatero. "Chitchulireni dzina lawo lija sanagogodenso, a Mbarka. Ndinkaopa kugogodako, ndinkalephera kudya. Koma ndakumva kuyambira ndili mnyamata. Ndikanadziwa kuti ndikatchula achoka, sindikanatchula."

Ndinafuna kumukankha pa mpandopo, Mulungu andikhululukire. Munthu anamusunga mlongo wake moyo wonse, ankafunanso kumusunga atafa! Koma ndinamuyang'ana, nkhalamba yakhungu itakakamira khoma ndi zala, ndipo mkwiyo unandithera. Ndinabwerera kwathu, n'kutenga kamunsi, n'kukwera padenga. Ndinadumpha khoma lija ndi mawondo anga okalambawa, n'kukhala pa chikopa cha nkhosa. Kumwamba kunali koyera tsiku limenelo, mwezi sunavute kuupeza. Ndinagogoda monga ankachitira mwini wake, kawiri mofulumira, kenako kamodzi.

Kenako mawu a Tayeb anatuluka pa kabowo, otsika kwambiri.

"Zikomo, a Mbarka. Koma si dzanja lawo limenelo."